Ng'ala Ikachoka, M'diso Mulowe Kagalasi Kotani?

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

Lero tikambirana za maso, makamaka za ng'ala, ndi kagalasi kamene adokotala amaika m'diso akachotsa ng'alayo. Ngati pakhomo panu pali agogo amene maso awo achita chifunga, aitaneni asendere kufupi. Inunso amene mumawaperekeza kuchipatala, amene mumalipira thiransipoti ndi kunyamula kabuku, nkhaniyi ndi yanu, chifukwa nthawi zambiri agogo akafika pamaso pa adokotala amangoti zii, ndipo wofunsa mafunso mumakhala inuyo.

Ndiyambe ndi azakhali anga. Moyo wawo wonse anali telala wa pakhonde, ndipo ana awo anaphunzira ndi ndalama ya makina osokera. Ng'ala itawagwira maso onse awiri, makina aja anafunditsidwa chitenje. Anachitidwa opaleshoni, ndipo m'mawa mwake, atawachotsa bandeji, anaona phiri la kwathu limene anali atasiya kuliona kalekale. Nthungululu inamveka wodi yonse. Koma patapita masabata angapo ndinawapeza atagwira njakata, makina ali chifundire. Anandiuza kuti, "Mwanangu, phiri ndikuliona, nkhuku kuseri kwa nkhokwe ndikuiona, koma bowo la singano silikuoneka. Kodi anandilakwitsa?"

Sanawalakwitse. Opaleshoni inayenda bwino lomwe. Kungoti kagalasi kamene anaikidwa kanali koonera patali, monga zimakhalira kwa anthu ambiri, ndipo zapafupi zinkafunika magalasi ovala. Palibe amene anawafotokozera zimenezi, iwonso sanatchule kuti ndi telala, ndipo ife owaperekeza sitinafunse. Magalasi owerengera atapezeka, makina analiranso. Komabe masabata aja a nkhawa amandipweteka mpaka lero, chifukwa mawu ochepa chabe akanatha kuwapewetsa zonsezo.

Tiyeni tilowe m'diso. Kutsogolo kuli zenera loonekera bwino, limene achipatala amati cornea. Kuseri kwake kuli mwanadiso, ndipo kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi kachilengedwe, kukula kwake ngati njere ya chimanga yophwatalala, kokhala m'kathumba kopyapyala kwambiri. Zenera lija ndi kagalasi aka zimathandizana kusonkhanitsa kuwala kuti kukagwere malo amodzi kumbuyo kwa diso, pa kachikopa kotchedwa retina. Pamenepo ndiye munthu amaona. Ng'ala ndi kagalasi komweko kakachita mbuu. Chimene chimabweretsa ng'ala kwambiri ndi ukalamba, koma matenda a shuga, kuvulala diso, fodya, ndi mankhwala a gulu la steroid ogwiritsidwa ntchito nthawi yaitali zimaifulumizitsa. Ana ena amabadwa nayo. Padziko lonse, ng'ala ndiyo imatsogolera pochititsa anthu khungu, pamene ndi khungu lochizika.

Palibe mankhwala odontheza, palibe mtengo wa kutchire, palibe phula la mtundu uliwonse limene lingayeretse kagalasi kamene kachita mbuu. Chonde musadonthezere zitsamba m'diso. Zimaotcha zenera lija, ndipo likaonongeka ngakhale opaleshoni siithandizanso bwino. Njira ndi imodzi: kuchotsa kagalasi koderako. Mwina munamvapo mphekesera yoti amazula diso n'kuika la mbuzi. Limenelo ndi bodza. Diso limakhala pamalo pake, lili dzanzi, munthu ali maso. Adokotala amaboola kampata kakang'ono, amachotsa ng'ala, kathumba kaja n'kukasiya, ndipo m'kathumba momwemo ndi momwe amakhazika kagalasi katsopano ka pulasitiki. Pakati pake, poonerapo, ndi mamilimita 6 okha, ndipo kali ndi timikono tiwiri togwirira. Simukamva, simukatsuka, simukavula pogona, ndipo kanapangidwa kuti kakhale moyo wanu wonse.

Akuluakulu akukumbukira kuti kale sizinali choncho. Munthu akachotsedwa ng'ala ankapatsidwa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Zinthu zinkaoneka zazikulu ndi zopindika m'mbali, ndipo magalasiwo akasweka kapena kutayika, munthu ankabwerera m'chifunga. Amene anasintha zimenezi ndi dokotala wa ku England, Harold Ridley, yemwe pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anagwirako ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Iye anaona kuti oyendetsa ndege zankhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya zenera la ndege tinawalowa m'maso, diso silinkalimbana nato. Anaganiza kuti ngati diso likulola pulasitiki imeneyi, bwanji osaumba nayo kagalasi? Mu November 1949, pa chipatala cha St Thomas' mu mzinda wa London, anachita opaleshoni imene imawerengedwa kuti ndi yoyamba ya mtundu umenewu. Madokotala anzake ambiri anamutsutsa kwa zaka zambiri, ndipo ulemu woyenera anaulandira atakalamba, pamene Mfumukazi inamupatsa udindo wa Sir m'chaka cha 2000.

Ngakhale zinali choncho, timagalasi timeneti tinali todula moti mayiko osauka sankatikwanitsa. Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Ku Madurai, m'dziko la India, chipatala cha maso cha Aravind chinatsegula fakitale yake yotchedwa Aurolab mu 1992, ndipo bungwe la Fred Hollows Foundation linathandiza kutsegula mafakitale ku Asmara m'dziko la Eritrea ndi ku Kathmandu m'dziko la Nepal. Mtengo unagwa kwambiri. N'chifukwa chake lero mlimi wa kumudzi akapita ku Nkhoma, ku Lions Sight First ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ngakhalenso ku zipatala zazikulu za Mzuzu ndi Zomba, kuika kagalasi ndi mbali ya opaleshoni ya masiku onse. Ndikatero ndikufuna muchotse maganizo oti kagalasi kotsika mtengo ndi ka anthu otayika. Kanatsika mtengo chifukwa anthu ena anamenyera nkhondo kuti katsike.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano tifike pa kusankha. Anthu akamva zosankha kagalasi, msanga amaganiza za mtengo ndi dzina la kampani. Ine ndikuti chinthu choyamba, chimene chimaposa zonse, ndi mphamvu ya kagalasiko. Maso athu sali ofanana. Diso la munthu wamkulu, kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, nthawi zambiri limakhala pakati pa mamilimita 23 ndi 24, koma ena lawo ndi lalitali, ena lalifupi. Kapindikidwe ka zenera lija kamasiyananso. Choncho opaleshoni isanachitike, achipatala amayeza zinthu ziwirizi ndi makina, muyeso umene amautcha biometry, kenako n'kuwerengetsa nambala ya kagalasi koyenera diso lanulo. Ambiri nambala yawo imagwera chapafupi ndi 20 kapena 22, koma pali ena ofunika yotsika kwambiri kapena yokwera kwambiri. Kuphonya muyeso wa kutalika kwa diso ndi milimita imodzi yokha kumasokoneza mphamvu ndi pafupifupi manambala atatu, ndipo zimenezi zikutanthauza kuvala magalasi amphamvu ndithu opaleshoni itatha.

Kumene zipangizo zili zochepa, zimachitika kuti odwala amaikidwa kagalasi ka nambala yapakatikati popanda kuyeza. Kwa munthu amene anali wosaona n'komwe, kameneko n'kabwinobe kuposa mdima, ndipo sindinyoza ntchito imeneyo. Koma nsapato ya saizi imodzi siikwana mudzi wonse. Ndiye funso lanu loyamba likhale lakuti, "Adokotala, kodi diso langa mwaliyeza kuti mudziwe nambala ya kagalasi?" Funso limeneli si lamwano. Dokotala wodziwa ntchito yake amasangalala nalo. Ndipo ngati munachitidwapo opaleshoni ina ya diso, kapena mwavala magalasi amphamvu kuyambira muli mwana, nenani, chifukwa zimenezi zimasintha kawerengetsedwe kake.

Chachiwiri ndi chimene chinawasowetsa mtendere azakhali anga aja. Kagalasi kamene kamaikidwa kwa anthu ochuluka padziko lonse ndi koonera mtunda umodzi, monofocal. Kagalasi kathu kachilengedwe tili achinyamata kamafufuma ndi kuphwa, kuti tione pafupi ndi patali. Ka pulasitiki sikatero. Kamaima pa mtunda umodzi, ndipo mtunda umenewo ndi umene inu ndi adokotala muyenera kugwirizana. Ambiri amasankha patali: kuona njira, kuzindikira mlendo ali kumpanda, kupalasa njinga, kuona mbuzi zikalowa m'munda wa eni. Zapafupi, monga kuwerenga Baibulo kapena Korani, kusankha mpunga, kuona manambala pa foni potumiza ndalama, amavalira magalasi owerengera, nthawi zambiri a mphamvu ya 2.50 kapena 3.00, amene sadula kwenikweni.

Koma pano pali anthu a mitundu iwiri amene ndikufuna andimvetsetse bwino. Oyamba ndi amene kuyambira kale amaona bwino pafupi koma patali ayi, aja amene amavula magalasi akafuna kuwerenga. Munthu wotere akaikidwa kagalasi koonera patali, amadabwa kuti chimene wakhala akuchita mosavuta zaka zonsezi, kuwerenga ndi maso okha, chachoka. Kwa iye kungakhale kwanzeru kusankha kagalasi koonera pafupi, n'kupitiriza kuvala magalasi a patali monga anazolowera. Achiwiri ndi agogo aja amene mwadzidzidzi amataya magalasi owerengera n'kumati maso abwerera unyamata. Nthawi zambiri si unyamata umenewo ayi, ndi ng'ala imene ikukhwima n'kusintha mphamvu ya kagalasi kachilengedwe. Ng'ala ikachotsedwa, mwayi umenewo umapita nayo limodzi. Akauzidwa opaleshoni isanachitike, sakhumudwa.

Palinso njira yapakati, yoti diso limodzi lionere patali, linalo lionere chapafupi. Ubongo wa anthu ena umazolowera bwino, moti amatha tsiku osavala magalasi. Ena zimawazunguza mutu, ndipo kuyeza kuya kwa dzenje kapena kutalika kwa sitepe kumawavuta. Kumene n'kotheka, adokotala amayamba akuyesani ndi timagalasi tomata padiso kuti muone ngati mungapirire. Musalole njira imeneyi mongomvera kwa mnzanu.

(Nyimbo pang'ono)

M'zipatala za boma ndi za mishoni, kagalasi kamene mungakapeze kawirikawiri ndi ka mtunda umodzi kameneka. Nkhani ya mitundu ina imabuka kwambiri m'zipatala zolipira, kapena pamene mwana wanu amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain wati, "Amayi bwerani kuno," kapenanso banja lasonkha ndalama zopitira ku India. Kumeneko amakuyalirani mndandanda, mitengo ikukwera motsatizana, ndipo mtima wa mwana umati, mayi anga ndiwagulire chapamwamba. Mtima umenewo ndi wabwino. Koma tiyeni tione chimene mukugula.

Pali kagalasi kotchedwa toric. Anthu ena zenera lawo la kutsogolo silozungulira mofanana ngati mpira, ndi lotalikirako mbali imodzi ngati dzira, vuto lotchedwa astigmatism, ndipo zinthu zimaoneka zokokeka, pafupi ndi patali pomwe. Toric amakonza zimenezi. Ngati muyeso waonetsa kuti vutoli ndi lalikulu, ndalama yoonjezerayo ili ndi phindu looneka. Ngati mulibe vutoli, kagalasika kalibe chokuchitirani. Dziwaninso kuti kamayenera kukhazikidwa molunjika mbali yake yeniyeni. Kakatembenuka m'diso, phindu lake limachepa, ndipo nthawi zina pamafunika kubwerera kuti akakawongole.

Kenako pali timagalasi toonera mitunda ingapo, multifocal kapena trifocal. Lonjezo lake ndi lokoma: kuona patali, pakati ndi pafupi popanda magalasi. Ndipo ambiri amene ali nato amakhutira. Koma mvetsani mmene timagwirira ntchito. Pa kagalasiko pali timizere tozungulira timene timagawa kuwala, gawo lina lipite kwa zapatali, lina kwa zapafupi. Kuwala kogawana sikungafanane ndi kuwala kwathunthu. Zotsatira zake n'zakuti kukachita mdima zinthu sizioneka mwakuthwa, ndipo nyali usiku zimaoneka zitazunguliridwa ndi mphete za kuwala. Taganizirani dalaivala wa basi pa msewu wa M1 usiku, nyali za thiraki zikumuwalira m'maso, wa kabaza ali m'mbali wopanda nyali. Taganizirani msodzi wa usipa amene ntchito yake ndi ya usiku, pakati pa nyali. Kwa anthu otere, ine sindingalimbikitse kagalasi kameneka. Pali mtundu wina wapakati, wotchedwa EDOF, umene umatalikitsa mtunda woonera kuchokera patali kufika cha pamene pamakhala kompyuta. Mphete za kuwala zimachepako, koma zilembo zing'onozing'ono zimafunabe magalasi.

Chachikulu n'chakuti timagalasi togawa kuwala timafuna diso lathanzi kwina konse. Ngati muli ndi glaucoma, nthenda imene imaononga mtsempha wa diso mwakachetechete ndipo ndi yofala pakati pathu anthu akuda, kapena ngati shuga wayamba kuononga retina, diso lanu likusowa kale kuwala kokwanira, ndipo kukugawanso n'kulilanda chochepa chimene latsala nacho. Apa kagalasi kodula kangakuonetseni moipa kuposa kotsika mtengo. Kusintha kagalasi kamene kakhazikika kale n'kotheka, koma ndi opaleshoni ina yokhala ndi zoopsa zake. Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena mosabisa: kwa ambiri a ife, kagalasi ka mtunda umodzi koyezedwa bwino, pamodzi ndi magalasi owerengera, ndiko kamene kamaonetsa mwakuthwa kwambiri, usana ndi usiku.

Za chimene kagalasi kapangidwira, ndidutsepo mwachangu. Pali kolimba, ka pulasitiki ya mtundu womwe uja wa Ridley, kamene kamalowera pa kampata ka mamilimita 6 kapena kuposerapo pang'ono. Kameneka kamayenda ndi opaleshoni ya manja yotchedwa SICS, yofala kwathu kuno, ndipo ndi yothandiza kwambiri pa ng'ala yokhwima. Palinso kofewa, kopindika, kolowera pa kampata ka mamilimita 2 kapena 3, kamene kamayenda ndi makina oswa ng'ala otchedwa phaco, amene Charles Kelman wa ku New York anayambitsa mu 1967. Kampata kakang'ono kamapola msanga. Koma diso likapola, mitundu yonse iwiri imaonetsa bwino, ndipo luso la dzanja la dokotala limaposa dzina la makina.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Patapita miyezi kapena zaka, ena amaona chifunga chikubwerera, n'kumati ng'ala yameranso, kapena kagalasi katha ntchito. Ng'ala siimeranso. Chimene chachita mbuu ndi kathumba kaja kamene kanasiyidwa kuti kagwire kagalasi. Amakaboola pakati ndi kuwala kwa laser, kwa mphindi zochepa, popanda mpeni, munthu atakhala pampando. Ndiye musakhale pakhomo n'kumati basi, zinakanika. Bwererani akakuoneni.

Koma pali zina zosayembekezera mawa. Masiku oyambirira opaleshoni itachitika, diso likayamba kuwawa kwambiri, kufiira moonjezereka, kutuluka mafinya, kapena kuona kukayamba kuchepa m'malo moonjezereka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Donthezani mankhwala monga mwauzidwa, ndi m'manja mosamba. Musatikite diso, ndipo mupewe utsi wa kukhitchini ndi fumbi mpaka achipatala atakulolani. Magalasi owerengera musathamangire kugula. Dikirani masabata angapo diso likhazikike, akuyezeni. Ndipo nambala ya kagalasi kamene mwaikidwa ilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, kapena musunge kakhadi kake ngati akupatsani, chifukwa idzathandiza tsiku lochita diso linalo.

Ana nkhani yawo ndi yapadera, poti diso lawo likukulabe ndipo ubongo ukuphunzira kuona. Mukaona choyera pa mwanadiso wa khanda kapena mwana, musadikire kuti akule. Pitani naye sabata yomweyo.

Akuluakulu nawonso, mawu aja akuti dikirani ng'ala ipse kaye ndi akale. Nthawi yake ndi pamene yayamba kukulepheretsani ntchito zanu. Mukafika pamaso pa adokotala, musangotchula dzina ndi mudzi. Auzeni kuti ndine telala, ndine dalaivala wa usiku, ndimawerenga mawu kutchalitchi, ndimalima, ndili ndi shuga. Afunseni ngati diso layezedwa, ngati kagalasi kakhale koonera patali kapena pafupi, ngati m'diso mulibe nthenda ina imene ingachepetse kuona, ndiponso magalasi amene mudzafunike pambuyo pake. Inu operekeza, agogo akachita manyazi, afunsireni inuyo.

Ngati pakhomo panu pali wina amene wasiya kupita kumunda, kumsika kapena kumapemphero chifukwa cha chifunga cha m'maso, mutengeni mupite naye kuchipatala cha boma lanu, mukafunse a za maso.

(Nyimbo yotsekera)